Manda a Gerevazio anakumba ndi mkazi wake

Sungeni Nthala anabadwira kufupi ndi mishoni ya Kasina, m'banja la alimi a chimanga ndi nyemba. Sukulu analekezera sitandade sikisi, chaka chimene mayi ake anatupa miyendo n'kusowa wowalimira kudimba. Kuyambira ali mtsikana sankatha kumeza mawu. Akapsa mtima milomo inkayamba kaye kunjenjemera, kenako zonse zinkatuluka, kaya pali akuluakulu kaya palibe. Azakhali ake ankachita kunena poyera kuti mwana ameneyu adzakalambira pakhomo pa amake.

Sizinatero. Chaka china pa Pasaka kunabwera kwaya yochokera kudera la Kaphuka, ndipo m'kwayamo munali mnyamata wamtali woyimba besi, dzina lake Gerevazio. Anali wofatsa mpaka kukwiyitsa. Sungeni akamakalipa, iye ankangomvetsera, mkazi akatha n'kumufunsa ngati madzi osamba atentha. Anadalitsa ukwati wawo ku tchalitchi n'kukakhala kwawo kwa mwamuna, m'mudzi wa m'mbali mwa dambo, kamtunda ndithu kuchokera pa Chimbiya. Anabereka ana atatu. Woyamba anali Sibongile, n'chifukwa chake mpaka lero anthu amamutchula Sungeni kuti amake Sibongile.

Ankadalira mbatatesi. Zikuluzikulu ankazipakira m'matumba n'kugulitsa kwa a Hassani, wamalonda wa pa Chimbiya amene ankazitumiza ku Lilongwe pa lole. Zotsala Sungeni ankazisanja m'ndowa m'mbali mwa msewu, n'kumathamangira maminibasi akaima. Gerevazio anali ndi ntchito inanso yopanda malipiro: anali mmodzi mwa adzukulu a m'mudzimo, amuna okumba manda. Uthenga wa maliro ukangomveka, iye ankayamba kunyamuka ndi piki wake. Akatuluka m'dzenje ankasamba kudambo, kuvala malaya oyera, n'kukaima pakati pa kwaya kuyimbira yemwe wamukumbirayo. Anachita zimenezi kwa zaka zoposa makumi awiri.

Kolera anafika m'mudzimo mvula ya kumayambiriro kwa 2023 ili pakati. Gerevazio anabwera kuchokera kumsika akudandaula m'mimba, ndipo pofika m'mawa maso anali atalowa m'kati, khungu la m'manja litakwinyika ngati wachapa tsiku lonse. Sungeni ndi mlamu wake Damiano, mng'ono wa Gerevazio, anamugoneka m'ngolo n'kuthamangira kuchipatala chaching'ono cha kuderalo, kumene odwala kolera ankawagoneka m'tenti kuseri. Anamuika diripi. Tsiku lotsatira dzuwa lisanafike pamutu anamwalira.

Amene anamufotokozera Sungeni za maliro anali Trust, mlangizi wa zaumoyo wa mudziwo, mtsikana amene anali atatopa mpaka mawu kusasa. Anati thupi sililowa m'nyumba, silisambitsidwa ndi abale, ndipo pamaliro sipaphikidwa chakudya. Azaumoyo alipopera kolorini, alikulunga m'thumba la pulasitiki, n'kupita nalo kumanda tsiku lomwelo.

"Koma dzenje akumbe adzukulu ngati kale, palibe choopsa," anatero Trust. "Akwaya nawonso abwere, angoima chapatali. Thupi tigwira ndife."

Sungeni anabwerera kumudzi wapansi n'kulunjika kwa a Yohana, mkulu wa adzukulu. Anawapeza pakhonde. Atamuona akubwera anaimirira n'kulowa pakhomo, theka la thupi lili m'nyumba.

"Tamva, amake Sibongile. Pepani kwambiri. Imani pomwepo, tikumvani."

"Ndabwera kuti anyamata ayambe kukumba. Galimoto ya chipatala ibwera ndi thupi madzulo."

"Anyamata akana. Akuti matendawa akuyenda ndi mphepo."

"Dothi la kumanda nalonso likutsegula m'mimba? Azaumoyo anena kuti thupi simuligwira. Ine ndikupempha dzenje basi."

"Tili ndi ana, amake Sibongile."

"Amuna anga analibe ana? Bambo anu anawakumbira ndani, mvula ikugwa, inu mutakhala pamkeka? Si iwowa?"

Mkazi wa a Yohana, a Hellen, amene ankakhala benchi limodzi ndi Sungeni ku tchalitchi, anasuzumira pawindo n'kubwezanso nsalu.

Kwa a Benedicto, wapampando wa mpingo komanso mwini wake wa kwaya, anakamva zomwezo m'mawu osalala. Anati amupempherera m'nyumba mwawo.

Sungeni anafika pakhomo pake, natenga piki wa mwamuna wake ndi khasu. Damiano anayesa kumuletsa, akuti mkazi sakumba manda, anthu adzanena chiyani. Sungeni anamufunsa kuti anthu ake ati. Anapita awiriwiri. Dothi linali lonyowa, lomata ku khasu, ndipo pansi pake panali miyala. Dzenje litamufika m'chiuno, Sungeni anamva njinga yamoto ikuima kumsewu. Anali a Hassani. Anabwera kudzafunsa za mbatatesi, ndipo ana anawalozera kumanda. Anayang'ana kamodzi, navula malaya ndi chipewa chawo n'kuzipachika pa mtengo.

"Tulukani, mayi. Mupume."

"Sindinatope."

"Ndiye sunthani, tikwanamo awiri."

Galimoto itafika, azaumoyo ovala majombo ndi magolovesi anatsitsa thumba loyera. Bokosi panalibe, chifukwa kalipentala naye anali atatseka chitseko. Trust anatsegula pang'ono kumutu kuti Sungeni aone nkhope ali chapatali. Damiano anayamba pemphero koma sanalimalize. Kutsidya kwa dambo anthu ankaoneka ataima m'makonde mwawo, manja ali kumbuyo, akuonerera. Panalibe anayimba.

Masabata otsatira anamuwonjezera mkwiyo. Akafika pamjigo amayi ankachotsa ndowa zawo, ndipo akachoka ankatsuka chogwirira ndi phulusa iye akuona. Pa Chimbiya anzake ogulitsa nawo anasuntha n'kumusiya yekha, wina mpaka kuuza okwera minibasi kuti za mayi awo musagule. Mbatatesi zina zinaolera m'ndowa. Mwana wake wamng'ono anabwezedwa pakhomo pa mnzake ngati galu.

Kenako kolera analowa kwa a Yohana. A Hellen atayamba kutsegula, amuna awo anawatsekera m'nyumba n'kumawamwetsa mankhwala a pagolosale. Anali ataona zimene zinachitikira Gerevazio, ndipo sankafuna kuti akazi awo akafere m'tenti n'kubwera m'pulasitiki. Pamene Trust ankamva, a Hellen anali atazizira kale. M'pulasitiki momwemo analowabe. Adzukulu anawakananso mkulu wawo yemwe, moti a Yohana anakumba ndi ana awo aamuna. Sungeni anamva uthengawo ali kudimba. Anaima pang'ono, kenako anapitiriza kupalira. Kumanda sanapite, ndipo mpaka lero sananenepo kuti analakwa.

Mvula itatha matenda anazilala. Mu Juni, chisanu chili m'mafupa, anthu anaitanidwa kubwalo la sukulu. Akuchipatala ndi bungwe lina lothandiza ankafuna kuti mudzi ukhale pansi, ugwirizane zoti uchite kuti uyambirenso bwino ndi kukonzekera ngati mliri utabweranso. Wotsogolera msonkhano anali a Benedicto. Anatsegula ndi pemphero, kenako anakweza dzanja, kwaya n'kuimirira kuyimba nyimbo yolandira alendo. Sungeni anakhala kumbuyo atadzifunditsa chitenje, milomo ikunjenjemera.

Anthu analankhula zomveka. Mjigo wa kumunsi ukonzedwe. Khomo lililonse likhale ndi chimbudzi chovundikira. Amasiye apatsidwe mbewu. Pamsika pamangidwe chimbudzi cha onse. Mnyamata wa kubungwe ankalemba pa pepala lalikulu lomata pakhoma, anthu n'kumawomba m'manja. Pomaliza a Benedicto anati mu komiti yoyang'anira ntchitozi mukufunika mayi mmodzi woimira amene anaferedwa, ndipo anamwetulira kuyang'ana kumbuyo.

"Taganiza za amake Sibongile. Tiwawombere m'manja."

Sungeni anaimirira manja asanathe kuwomba.

"Musandiwombere. Manja amenewo anali kuti tsiku lija?"

"Mayi, lero tikukamba zakutsogolo. Zakale zinapita."

"Zinapita kuti? Ine ndimagona nazo. Mwayimba bwino lero, a Benedicto, mawu onse akumveka. Alendo a galimoto mwawayimbira. Amuna anga anakuyimbirani abale anu onse, inu munawakana ngakhale ndime imodzi, mutaima kutsidya ngati mukuonera mpira. Dzenje lawo ndinakumba ndine, mkazi, ndi Msilamu wa pa Chimbiya amene sadziwa n'komwe nyimbo zanu. Lero mukufuna mundikhazike kutsogolo kuti alendo aone kuti mumakonda amasiye?"

Amuna ena anayamba kung'ung'udza. Wina anakuwa kuti akhale pansi, akuchititsa manyazi mudzi.

"Manyazi mukuwadziwa inu? Lembani mijigo yanuyo, ndi yabwino. Koma matendawa akadzabweranso, munthu akadzayamba kutsegula, mudzamubisa m'nyumba. Mudzamubisa chifukwa mukudziwa mmene munatayira amuna anga, ndipo mukuopa kuti anzanu adzakutayani chimodzimodzi. Ndikunama? Pano palibe amene anabisa munthu mpaka kufa?"

Anthu ankayesetsa kusayang'ana kumene anakhala a Yohana. Iwo anatola chipewa chawo n'kuchoka pang'onopang'ono, osatembenuka.

A Benedicto anati za kumanda ndi za amuna, sizikambidwa pabwalo pali amayi ndi ana. Trust anapempha kuti nkhaniyo ilembedwe pamodzi ndi zinazo, chifukwa naye anali ataona anthu akubwera nawo odwala mochedwa. Inalembedwa pansi penipeni, timalemba ting'onoting'ono. Sungeni anachoka msonkhano usanathe.

Damiano ankaganiza kuti zathera pomwepo. Koma tsiku loyamba limene komiti inakumana m'kalasi, Sungeni analowa osaodira n'kukhala pa desiki la kutsogolo.

"Munandisankha. Ndabwera. Koma sindinabwere kudzagwedeza mutu."

Miyezi imene inatsatira inali ya mikangano. Komiti ikakambirana za mbewu, iye ankadikira amalize n'kufunsa za manda. Ikakambirana za mjigo, ankathandiza kutuma anyamata kukatuta mchenga, kenako n'kufunsanso za manda. Zofuna zake zinali zomwezomwezo: adzukulu aphunzitsidwe ndi azaumoyo kuti adziwe choopsa ndi chosaopsa, majombo ndi magolovesi zikhale m'mudzi momwemo, kalipentala asakane bokosi, ndipo kwaya ilonjeze pamaso pa anthu kuti idzabwera, ngakhale kuima kumsewu. A Benedicto ankati zimenezo adzaona akuluakulu. Ena anayamba kujomba akamva kuti amake Sibongile abwera. Kutchalitchi kunamveka mphekesera yoti mayiyu mutu unasokonekera chifukwa cholowa m'dzenje la manda. Atamva, Sungeni anatuluka m'gulu la amayi, yunifolomu yake n'kuipereka kwa mwana wa mlamu wake kuti asokere siketi.

Trust anakonza tsiku lophunzitsa adzukulu. Sungeni anayenda khomo ndi khomo kuwauza, ena akumutsekera chitseko, ena akumuyankha kudzera mwa ana. Tsikulo litakwana, m'kalasi munali Trust, Sungeni, Damiano ndi mabenchi. Anadikira mpaka dzuwa kupendeka. Trust atayamba kulongedza, pakhomo panaima a Yohana, ataonda, ndevu zosameta, kumbuyo kwawo kuli amuna atatu.

Sanamuyang'ane Sungeni. Analankhula kwa Trust.

"Zikanakhala kuti akazi anga ndinabwera nawo kuchipatala tsiku loyamba, akanachira?"

Trust anazengereza, kenako anati ambiri obwera msanga amachira.

A Yohana anakhala pabenchi. "Yambani, tikumva."

Kuchokera tsiku limenelo zinthu zinayamba kusuntha, ngakhale mokoka. Pamsonkhano wa mudzi wonse anagwirizana kuti womwalira ndi mliri adzakumbiridwa ndi adzukulu ngati wina aliyense, abale adzaona nkhope, ndipo kwaya idzaima kumalire a manda. A Benedicto anawerenga mgwirizanowo ndi mawu okweza ngati anauganiza ndi iwo. Bungwe lija linabweretsa majombo, magolovesi ndi chopopera, zonse n'kusungidwa kwa a Benedicto, wapampando wa komitiyo.

Sipanapite nthawi. Tsiku lina m'mawa Sungeni akupita kudimba anaona bambo wina waganyu akuthirira kabichi m'dimba la a Benedicto, kumiyendo kuli majombo oyera atsopano. Chopopera chija chinali pamzere, chikununkha mankhwala a mbozi. Sungeni anatula ndowa.

"Vulani."

"Andibwereka abwana, mayi. Kuli mame."

"Ndati vulani, ndisanakuvuleni ndine."

Bamboyo anavula n'kuima pamatope chopanda nsapato. Sungeni anakoleka majombo m'khosi, chopopera kumsana, n'kudutsa nazo pakati pa mudzi mpaka pakhomo pa a Benedicto. Anawapeza akumwa tiyi.

"Izi ndi za kabichi wanu?"

"Amake Sibongile, zinthu zikangokhala zimawonongeka. Matendawo kulibe panopa."

"Akadzabwera mudzauza maliro kuti adikire muthirire kaye? Tulutsani zonse. Magolovesi ali kuti?"

Magolovesi ena anali atapita kale kwa mpongozi wawo wopaka nyumba penti. Sungeni anakuwa mpaka anthu anadzaza pabwalo, ndipo sanachoke mpaka katundu yense wotsala atatulutsidwa. Anakamusiya m'kabati ya kusukulu, kiyi mmodzi kwa Trust, wina kwa a Yohana. A Benedicto anatula pansi udindo wa mu komiti, akuti sangagwire ntchito ndi munthu wopanda ulemu. Anthu ambiri anawamvera chisoni iwowo. Kwa milungu ingapo Sungeni ankapatsidwa moni ndi ana okha.

Sibongile, amene anakwatiwa ku Lilongwe, anabwera kudzawatenga mayi ake. Anati mudzi umenewu sukuwafuna, akavutikiranji, kutauni kuli chipinda.

"Ndichoke kuti apume?" anatero Sungeni. "Ayi. Azindiona tsiku ndi tsiku."

Mvula ina itabwera, kolera anaonekanso m'midzi ingapo ya kuderalo, ngakhale sanafale ngati poyamba. M'mudzi mwa Sungeni anagwira anthu atatu. Awiri anathamangira nawo kuchipatala tsiku lomwelo, masana, anthu akuona, ndipo anabwerako akuyenda okha. Wachitatu anali nkhalamba ina yokhala yokha kumapeto kwa mudzi, a Ackim, amene anapezeka mochedwa. Anamwalira m'tenti.

Adzukulu anakumba. Kalipentala anakhoma bokosi, ngakhale anakalisiya pamsewu n'kuthawa. Akwaya anabwera ochepa, osafika ngakhale theka, ndipo a Benedicto anatumiza uthenga woti akumva chimfine. Ochepawo anaima kumalire a manda n'kuyimba nyimbo ziwiri, mawu akunjenjemera, opanda besi. Sungeni anaima payekha pansi pa mtengo wa bulugamu. Pobwerera Trust anamugwira dzanja n'kunena kuti zatheka, mayi.

"Zatheka chiyani? Enawo ali kuti? Ndipo a Ackim anadwala mpaka kufooka chonchija popanda wowasuzumira. Tidzakambe zimenezo Lachinayi."

Lachinayi anakambadi, ndipo anagawana makomo a okalamba okhala okha kuti nthawi ya mvula aziwayendera. Zina mwa zimene zinalembedwa pa pepala lija sizinachitike mpaka pano. Mjigo wa kumunsi unakonzedwa n'kuwonongekanso. Mbewu ya amasiye inabwera kamodzi, anthu atadzala kale. Bungwe lija linasamukira kuboma lina. Chimbudzi cha pakamsika ka m'mudzimo chinakhala nkhani ya pamsonkhano uliwonse, aliyense akuvomera, wokumba osaoneka.

Chaka chino, chimanga chitangouma, a Yohana anafika pakhomo pa Sungeni atanyamula tambala kukhwapa. Anaodira, nakhala pa chitsa, chipewa chili pabondo. Sungeni ankasankha mbewu ya mbatatesi pamkeka ndipo sanasiye.

"Amake Sibongile, ndabwera ndi mawu. Tsiku lija ndinachita mantha. Ndinalakwira inu, ndinalakwira mnzanga."

"Mwanena."

"Ndimati mulandire kankhukuka."

"Ndikadye kuti nditani? Kuti mawa muziuza anthu kuti tinagwirizana?" Anaponya mbatatesi yoola kutali, nkhuku zake n'kuithamangira. "Ine mtima wanga sunatsike, a Yohana, ndipo sindikunamizani kuti watsika. Mwina udzatsika, mwina ndidzafa nawo. Tambalayo bwererani naye."

Tambala anaphupha, a Yohana n'kumugwiritsa.

"Ndiye nditani?"

"Loweruka tikuyamba dzenje la chimbudzi cha pamsika. Ndatopa ndi kulikamba. Mubwere ndi anyamata anu, ndi mafosholo."

Loweruka kunacha ndi chifunga. Sungeni anafika pamsika n'kupeza a Yohana atayeza kale malo ndi chingwe, anyamata awiri akuchotsa udzu. Sanapatsane moni. Iye anamanga chitenje m'chiuno, nayang'ana pamene akhoma zikhomo, n'kuwauza kuti ayandikitsa kwambiri kwa ogulitsa mandasi, azule ayambirenso kumunsi.